Manja Anga Ozizira ku Nazale

Sendererani kuno nonse. Inu muli kumbuyoko bwerani pafupi, chifukwa mawu anga masiku ano safika patali, ndipo nkhani iyi si yokuwa. Ndi nkhani ya manja awa mukuwaonawa. Anathyola tiyi kuyambira ndili namwali mpaka msana utakana, analandira ana ambirimbiri obadwira m'malayini a pa esiteti, ndipo sindinawakayikirepo tsiku ndi limodzi lomwe, kufikira chaka chimene mwana wanga wotsiriza anabereka mwana wosakwana masiku.

Chinali chaka chotsatana ndi njala ija, nyengo ya mvula, tiyi ataphuka moti kapitawo sankafuna kumva zoti wina wadwala. Mwana wangayo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, koma ankapitabe kumunda dengu lili kumsana. Tsiku lina cha m'ma teni anzake anabwera naye atamugwirira uku ndi uku, miyendo itatupa ngati mitengo ya nthochi, akuti m'maso mukuchita mdima. Ku kiliniki ya pa esiteti anangomuyeza pamkono, n'kuyang'anana, n'kuitana galimoto. Ku boma nakonso sanatisunge, anatitumiza ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Dzuwa lisanalowe anali atamung'amba pamimba n'kutulutsa kamwana kakakazi.

Ine ana ndawaona, koma kameneko ayi. Kanali kofiira ngati kambewa ka m'chisa, nthiti zonse zowerengeka, mutu ngati peyala. Sanandipatse n'komwe kuti ndikafukate. Anathamanga nako ku chipinda chimene amati ku nazale, kumene amagoneka ana osakwana masiku ndi amene abadwa akudwala.

Kumeneko agogo salowa, amalowa amayi a ana okha. Koma wanga sankatha kudzuka chifukwa cha bala, ndiye anandilola ine kuti ndizitenga mkaka umene ankafinyira m'kapu, ndizikamwetsa kamwanako. Nditalowa koyamba ndinaima pakhomo kukamwa yasa. Munali motentha ngati mu fakitale mouma tiyi. Timabedi ndandanda, kabedi kamodzi ana awiri, pena atatu, mitu kuno miyendo uko. Ena timachubu m'mphuno, ena diripi pamutu, makina akung'ung'udza pakona. Ndipo chipinda chonsecho namwino mmodzi yekha, mayi wamtali wa kumpoto, Chichewa chake chotsamira kwawo.

"Agogo," anatero, "muno malamulo ndi awiri. Musambe m'manja ndi sopo pa mpopi apo. Ndipo mugwire mwana wanu yekha. Wa wina ayi, ngakhale alire chotani."

"Ndamva, asisita."

Ndinamva ndi makutu. Koma mumtima ndinali ndi lamulo lina, limene ndinalandira kwa amayi anga, iwonso kwa amayi awo asanaoloke kuchokera ku Mozambiki. Mwana wa m'chikuta, amene mchombo sunagwe, sagwidwa ndi munthu wotentha, ndiye kuti munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi wake. Akamugwira wotere, mwana amatupa, amafooka, amapita. Timati tsempho. Manja oyenera kugwira khanda ndi a ife ozizira, amene tinasiya kalekale za kumwezi ndi za kumphasa. Ine amuna anga anali atagona kumanda zaka zisanu ndi zinayi. M'chipatala chonsecho ndinkadziona kuti palibe wa manja abwino kuposa ine.

Ku shedi kumene timagona ife odikirira odwala ndinapeza mnzanga, gogo wina wa ku Chimaliro, wamfupi, wa mano awiri kutsogolo, pakamwa posatseka. Tinazindikirana ndi Chilomwe. Iyenso ankalowa ku nazale chifukwa mwana wake anataya magazi ambiri pobereka. Mdzukulu wake anali mnyamata wokwana masiku, wojintcha, kungoti anamwa madzi pobadwa ndiye ankabanika. Anamugoneka kabedi kamodzi ndi kamdzukulu kanga.

"Achemwali," amvekere tsiku lina tili ku nazale, "kanuka ndi kamunthu kapena ndi nthochi ya kunsonga kwa mkoko?"

"Kanyozeni lero. Chimphona chanucho chidzabwera chokha kwathu kudzapempha, chidzatilimira mpaka chidzaonde."

"Ndiye ayamba kale kugona bedi limodzi, ankhoswe asanakumane!"

Tinaseka mpaka namwino uja anatiyang'ana. Kunali kuseka kwathu komaliza m'chipinda chimenecho.

Tsiku lachinayi mwana wa pakona anakana mkaka. Mimba inatupa n'kumawala, thupi linasanduka lotuwa ngati phulusa, ndipo pofika masana anamukulunga. M'mawa mwake winanso, chimodzimodzi. Ine ndi mnzanga tinakhala pansi kuseri kwa shedi n'kuyankhula m'Chilomwe kuti ena asamve.

"Mwaiona mimba ija?" anandifunsa.

"Ndaiona."

"Ndiye mukuti n'chiyani?"

"Mukufunsa chimene mukuchidziwa."

"Anesi awa onse ndi apabanja. Adzuka pamphasa, avala zoyera, abwera kudzagwira makanda a eni. Wina uja wobwera Lachiwiri mimba ili apo, ndipo sachita manyazi."

Tinagwirizana. Sitingaletse namwino kubaya jakisoni, koma zina zonsezi, kupukuta, kutembenuza, kusintha thewera, tizichita ife namwino asanafike, kuti manja otentha achepe pa ana. Atsikana amene ankabwera kudzamwetsa ana awo anakondwera. Ambiri kanali koyamba, ankachita mantha ndi tiana tosagwirika ngati timeneto. "Agogo, ndigwirireniko wangayu." "Agogo, wabwezatu, taonani." Ine ndinali ndi kansalu kanga kong'amba ku chitenje chakale, kofewa bwino, ndinkakapisa m'chiuno. Namwino akangotembenuka kulemba, kapena akatuluka kukatenga mankhwala, ine ndayamba: uyu kum'pukuta pakamwa, uyu m'maso, uyu m'khosi momwe mwatsikira mkaka. Kabedi ndi kabedi, ngati ndikutsata mzere wa tiyi.

Mundifunsa kuti m'manja ndinkasamba? Ndinkasamba, polowa, ndi sopo, monga anandiuzira. Koma ndani amasamba kawiri pa chakudya chimodzi? Kansalu kaja ndinkakatsukuluza ku shedi m'beseni la mbale n'kukayanika pa waya, koma mvula ya chaka chimenecho sinkalola kanthu kuuma. Ndinkakapisa kakadali konyowa, ndikumati ndi bwino, sikakanda khungu la mwana.

Patapita masiku atatu chimphona chija chinasiya kuyamwa.

Ine sindinade nkhawa kwenikweni, chifukwa ndinaona akumubaya. Ife anthu a pa esiteti jakisoni tinkamudziwa ngati mfumu ya mankhwala. Munthu ankapita ku kiliniki atanyamulidwa, akabayidwa mawa ali kumunda. Ngakhale makapisozi aja ofiira mbali ina, ogula pa msika wa Luchenza, unkamwa awiri, chilonda n'kuuma, otsalawo n'kusungira tsiku lina. Ndiye mwana ali m'chipatala chachikulu, akumubaya mitundu iwiri m'mawa ndi madzulo, angalephere bwanji? Anamubaya tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mimba inkangokwera. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, mnyamata wojintcha uja anatsirizika, kanga kali gone pambali pake.

Khanda sililiridwa mokweza, mukudziwa. Mnzanga anangomusambitsa, n'kumuveka chipewa, n'kumubereka kumsana ngati wagona, kuti akwere naye minibasi anthu asadziwe. Ndinamuperekeza mpaka pa geti. Pakamwa posatseka paja panali patatsekeka. Anangoti, "Achemwali, musawasiyire kanuko anesi aja." N'kukwera.

Nditabwerera ndinapeza kanga katabweza mkaka wonse, wobiriwira.

Masiku awiri akubaya osasintha kanthu, anatiitana ine ndi mwana wanga, amene tsopano ankayenda chowerama atagwira pabala. Panali dokotala wachinyamata ndi namwino wa kumpoto uja. Dokotala ankayankhula mosakaniza ndi Chingerezi, namwino n'kumatiwongolera.

"Magazi a mwana tawayeza. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Mankhwala amene tikubayawa sakupha tizilomboto. Tapima."

"Tapima bwanji, asisita?"

"Takumana ndi mankhwala amenewa kambirimbiri, pena ochepa, pena osamaliza, mpaka tawazolowera. Tsopano akabwera timangowayang'ana."

Ndinakumbuka nsikidzi za m'malayini. Kale akapopera zinkagwa ngati mapira, koma kenako zinayamba kuyenda pakhoma likadali lonyowa ndi mankhwala. Ndinafunsa ngati ndi choncho.

"Ngati zomwezo, agogo."

Kuti padziko pano pali matenda oseka jakisoni! Anati atsala mankhwala amtundu umodzi, osowa, otsekeredwa m'kabati, ndipo ndi aukali, nthawi zina amawononga makutu a mwana. Mwana wanga anafunsa kuti, "Nanga amenewo akakanika?" Dokotala anayang'ana namwino, namwino anayamba kusanja mapepala amene anali osanja kale.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ndinawonjeza. Mumtima ndinkati, iwo akuti tizilombo chifukwa sadziwa dzina lake lenileni, jakisoni sangachize tsempho. Masana a tsiku lomwelo namwino anatuluka, ine ndinasolola kansalu, ndinapukuta kanga, n'kupita pa mwana wa mtsikana wina wa ku Khwethemule amene anali atangobwera dzulo lake. Sindinamve chitseko.

"Agogo! Mukutani?"

Ndinafuna kubisa, koma anali atandigwira kale pamkono. Anatenga kansalu kaja ndi zala ziwiri n'kukanunkhiza.

"Kameneka mwapukutira ana angati?"

Ndinayesa kukoka mkono wanga.

"Ndikufunsa, amayi. Angati? Kuyambira liti?"

Apo mkwiyo unandikwera, ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi munthu wa boma. "Onse! Ndipo ndikanapanda ine bwenzi atatha. Inu mumachokera kwa amuna anu n'kudzagwira makanda mchombo usanagwe. Kwanuko sanakulangizeni? Akutha ndi tsempho ana awa, inu muli kalikiliki ndi majakisoni!"

Atsikana onse anazyolika. Ndinkayembekeza kuti namwino aitana alonda.

"Amuna anga ali ku Mzimba," anatero pang'onopang'ono. "Ndinawaona pa Khirisimasi. Ngati ndi kuzizira, agogo, ine ndazizira mpaka ndachita chisanu." Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Iye sanaseke. "Kwathu tsempho timalidziwa, musaganize kuti ndinagwa kumwamba. Koma dikirani, ndikuonetsani chinthu."

Sabata imeneyo kunkabwera anthu a majasi oyera ochokera kumene amayeza magazi. Ankayenda ndi timitengo ta thonje kunsonga, kupukuta pa mipopi, pa mabedi, m'machubu, kufunafuna kumene matendawo akubisala. Namwino anaitana mmodzi. Anabwera ndi timbale tiwiri tokhala ndi zivundikiro zoonekera mkati, m'katimo muli zinthu zofiira zogwirana ngati phala lozizira. Pa kamodzi anagunditsa kansalu kanga. Pa kachiwiriko anandiuza kuti ndidinde zala zanga zisanu, ngati mmene tinkadindira pa ofesi ya esiteti. Ndinadinda. Panalibe chimene chinatsalapo, mbale inali yoyera ngati poyamba. Ndinati mumtima, aona okha.

Kuyambira ola limenelo anandiletsa kulowa. Mkaka ankapereka mayi wake yekha. Ine ndinkaima panja pa windo, mvula ikundidontha m'khosi, kuyang'ana akulowetsa mankhwala atsopano aja mu diripi ya pamutu pa kamwanako.

Patapita masiku, namwino ananditumizira uthenga kuti ndipite ku kachipinda kake. Timbale tija tinali pa tebulo.

"Musatsegule. Ingoyang'anani."

Mayo ine. Pa mbale yoyera ija panali zala zanga zisanu, chala chilichonse pamalo pake, chachikulu pambali. Koma zinali zitamera. Paliponse pamene ndinagunda panatutumuka timilu tonyezimira, tonanda ngati mamina, tina titalumikizana. Mbale ya kansalu ndiye simukanaona n'kufiira komwe, yonse inali itakutidwa.

"Izi zachokera kuti?"

"M'manja mwanu."

"Ndinasambatu ine! Ndi sopo!"

Anatenga dzanja langa n'kulitembenuza. Manja a wothyola tiyi mukuwadziwa, ming'alu yakuda m'zala, zikhadabo za zala zazikulu zolimba ngati za nkhuku. "Mumasamba polowa. Mukagwira mwana woyamba mwatenga, mukafika pa wachiwiri mwasiya. Kansalu konyowa ndiye nyumba yawo yeniyeni. Ndipo oyeza aja akuti ndi mtundu womwewo umene uli m'magazi a mdzukulu wanu."

Ndinakhala pansi pa simenti, mpando uli pomwepo. Ndinayamba kuwaona mmodzimmodzi ana amene ndinawapukuta, wa chipewa chachikasu, amapasa a pafupi ndi khomo, mnyamata wa mnzanga amene ndinkamupukuta kawirikawiri kuposa onse chifukwa ankatuluka thovu. Ndinali kumupukuta ndi kansalu komwe ndapukutira wodwala, kenako n'kupukutira kanga.

"Asisita, ndapha ana a eni ine?"

Sanandinamize, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndimuthokoze. Anati, "Tizilombo tomweti tatipezanso m'chubu chokokera mamina, m'madzi a makina a mpweya, ndi m'manja mwa mnzanga wina wovala zoyera ngati ine. Awiri oyamba aja anapita inu musanayambe. Ana atatu pa bedi limodzi si inu munawagoneka. Sindinganene kuti ndi inu. Koma sindinganenenso kuti si inu."

Anatulutsa lumo n'kundiwenga zikhadabo yekha, chala ndi chala, ine ndili phee ngati mwana.

Masiku otsatira ku nazale kunatembenuzika. Anasiya kulandira ana atsopano. Odwala anawaika mbali yawo ndi namwino wawo, osadwala mbali ina. Mabedi atachepa, ena anawagoneka m'makatoni oyalamo nsalu, bola aliyense payekha. Aliyense kapu yake yolembedwa. Anakolopa makoma ndi mankhwala onunkha mpaka maso kuwawa, machubu akale anawataya. Pa bedi lililonse anaikapo kabotolo ka mankhwala opaka m'manja, ndipo ndinkaona pa windo ngakhale dokotala wamkulu akupaka asanagwire mwana, akapita pa wina kupakanso, ngati munthu wosakhulupirira manja ake omwe.

Nkhani ya kansalu inali itafika kale ku wodi ya amayi. Mwana wanga sanandikalipire. Ndinamupititsira phala, analandira, anamwa, n'kundibwezera kapu. Kenako anati, osandiyang'ana, "Amayi, mwanayu akapita, musadzanditchulire za tsempho. Ndipo bambo ake musadzawafunse kanthu." Pakuti ndinali nditakonzeka kale kuti mkamwini akabwera Lamulungu ndimupanikize kuti wayenda ndi ndani ku malayini mkazi wake ali m'chipatala. Atabwera ndinangomulonjera n'kumupatsa mpando.

Tsiku loyamba la mankhwala atsopano, palibe kusintha. Lachiwiri, kanasiya kupuma kawiri, namwino n'kumakatikita kumsana mpaka kabwerere. Ine pa windo ndinkafuna kupemphera koma mawu ankakana, chifukwa ndikanamuuza chiyani Mulungu, kuti ndinkafuna kuthandiza? Lachitatu, mwana wa mtsikana wa ku Khwethemule uja anayamba kutentha thupi, ndipo mayi wake atandiona pa windo anatembenuza nkhope. Lachinayi mimba ya kathu inayamba kuchita makwinya. Lachisanu m'mawa mwana wanga anatuluka kapu ili m'manja, yopanda kanthu.

"Kamwa," anatero. "Konse. Ndipo kalira."

Ine sindinakamve kulira, galasi linali lotseka. Ndinangoona kakamwa katayasama, kankhope katakwinyika, timanja tikumenya m'mwamba.

Tinakhalabe milungu ina itatu, mayi wake atakamangirira pachifuwa mkati mwa malaya kuti kazimva kutentha, mpaka sikelo inavomera. Tsiku lotuluka namwino uja anakanyamula n'kundilozetsa kuti ndilandire. Ndinabisa manja kumbuyo. Anati, "Sambani, mulandire." Ndinasamba, ndinasambanso, koma ndinati apatseni amake. Kunyumba anthu anadabwa kuona gogo amene analandira theka la ana a m'malayini akukana kufukata mdzukulu wake. Ndinadzamunyamula atayamba kale kuseka.

Za makutu tinadzazindikira ali ndi zaka ziwiri. Mbale yachitsulo inagwa kumanzere kwake, nkhuku zonse zinabalalika, iye osatembenuka. Ku chipatala anati khutu lamanzere ndi lakufa, lakumanja likumva pang'ono, ndipo sangadziwe ngati ndi mankhwala aja kapena matendawo.

Tsopano ali mu sitandade wani. Amakhala kutsogolo, amapendeketsa mutu aphunzitsi akamayankhula, ndipo ndi wamakani, anyamata amamuthawa. Mayi wake tiyi anasiya, amagulitsa nthochi pa siteji ya Luchenza, anaberekanso awiri, onse ku chipatala, ndipo nkhani ya kansalu sanaitchulenso. Mwana wa mtsikana wa ku Khwethemule anachira, ndinamva kwa wa njinga wina wa kwawoko, koma mayi wake sindinamuonenso. Namwino uja akuti anamusamutsira kwawo kumpoto. Ine azimayi a m'malayini anandiitanabe kangapo matenda a kubereka akayamba, ndinkangowauza kuti itanani galimoto ya kiliniki, mpaka anatopa nane.

Mnzanga wa ku Chimaliro ndinakumana naye kamodzi, pa msika, patapita zaka zitatu. Anandikumbatira, anafunsa za nthochi ya kunsonga ija, ndinati ikuyenda. Anati, "Mwaona, achemwali? Kanu kanapulumuka chifukwa munatsala mukukateteza. Ine ndikanakhala maso msanga, anesi aja sakanandidyera mwana." Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za timbale tija. M'malo mwake ndinamufunsa mtengo wa nandolo amene ankagulitsa. Anamwalira chaka chatha nthawi yokolola, ndipo ndinapita kukamuika.